Ulendo wa namasupuni kuchokera ku Amazon kudzafika m'madzi athu

Namasupuni si chomera cha kuno. Kwawo ndi ku mtsinje wa Amazon, ku South America, komwe tizilombo tomudya timamuletsa kuchulukana. Chimene chinamutulutsa kumeneko ndi duwa lake lokongola. M'chaka cha 1884 anakamuonetsa pa chionetsero ku New Orleans, anthu n'kuyamba kumutenga kukakongoletsera maiwe a pakhomo. Umu ndi momwe anaolokera nyanja zamchere mpaka kufika mu Africa.

Kuno ku Malawi anayamba kuoneka kuchigwa cha Shire cha m'ma 1968. Pofika m'zaka za m'ma 1990 anali atakwera mtsinjewo mpaka ku nyanja ya Malombe, ndipo zinyalala zake zinkatseka polowera madzi kumalo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani, magetsi n'kumathima. Mu 1995 dziko lino linaitanitsa tizilombo ta mtundu wa Neochetina, anankafumbwe a kwawo komweko, omwe amaboola masamba pamene mphutsi zawo zimadya tsinde m'kati. Tizilomboti tinathandiza ndithu, koma mpaka lero ku Liwonde makina akuvuulabe udzuwu kumtunda kwa baraji ya Kamuzu.

Mukamutola m'manja, mupeza kuti phesi la tsamba ndi lofufuma, lodzaza mpweya, n'chifukwa chake samira. Mizu yake yakuda imangolendewera m'madzi osagwira pansi, choncho mphepo imamukankhira kulikonse. Pamadzi odekha ndi achonde amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha, ndipo njere zake zimakhala zamoyo m'matope zaka zambiri. Akayala mphasa yake, kuwala sikufika pansi, mpweya umachepa, nsomba zimathawa, bwato limakanika kudutsa, nkhono za likodzo ndi udzudzu zimapeza pobisala. Asodzi a ku nyanja ya Victoria anaziona zimenezi cha m'ma 1998, pamene madoko ena anatsekekeratu.

Kuno kwathu, gombe la Nkhata Bay lili ndi mwayi wake. Ku Usisya nyanja ndi yakuya, ndipo mafunde a mwera amene amamenya mchenga wa ku Kande ndi Chintheche salola chomera choyandama kukhazikika. Koma mwayiwo suteteza madambo, timadziwe ndi pamathiriro a mitsinje monga Luweya, pomwe madzi ndi abata komanso nsomba zambiri zimaswanirapo. Dothi ndi feteleza zokokoloka m'minda ya m'mapiri zikatsikira pamenepo, namasupuni amapeza chakudya chokwanira.

Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti udzuwu ukakhazikika suchoka. Asodzi ochokera kumwera kwa nyanja azitsuka maboti ndi chilimira asanaponye m'madzi a kuno. Mukaona tsinde ngakhale limodzi pamathiriro a mtsinje, livuuleni, liumitseni kumtunda, ndipo mudziwitse komiti ya pagombe kapena alangizi a zausodzi tsiku lomwelo.