Ndalama yosiya mapazi: mbiri ya khusa la m'foni

Mu 2005, m'tauni ya Thika, kufupi ndi Nairobi m'dziko la Kenya, anthu mazana angapo omwe anali ndi ngongole ku bungwe la Faulu Kenya anapatsidwa mafoni kuti ayesere njira yatsopano yobwezera ngongolezo. M'malo motaya tsiku lathunthu kupita ku ofesi ya bungweli, munthu ankangopereka ndalama kwa wogulitsa mayunitsi wapafupi, ndipo uthenga wobwera pafoni unkakhala risiti yake. Otsogolera ntchitoyi anali Nick Hughes ndi Susie Lonie a kampani ya Vodafone, ndipo boma la Britain linathandizapo ndi ndalama pafupifupi mapaundi 1 miliyoni.

Koma anthu a ku Thika anali ndi maganizo awoawo. Ageni anayamba kusungitsa ndalama m'foni madzulo poopa akuba, n'kukazitenga m'mawa. Apaulendo ankaika ndalama asanakwere basi, akafika n'kukachotsa. Ena ankalipirana za malonda, ena kutumizira abale kumudzi. Eni ntchitoyo ataona zimenezi anazindikira kuti vuto lalikulu la munthu wamba silinali kubweza ngongole, koma kufikitsa ndalama kwa mayi ake osaipatsira kondakitala. Anasiya za ngongolezo, ndipo mu March 2007 kampani ya Safaricom inakhazikitsa M-Pesa.

Pasanathe chaka, zipolowe za pambuyo pa chisankho cha December 2007 zinatseka misewu ndi mabanki m'madera ambiri a Kenya, ndipo kwa mabanja ochuluka foni inatsala njira yokhayo yotumizira ndalama ya chakudya. Mabanki anayamba kudandaula kuti kampani ya mafoni ikugwira ntchito yawo popanda malamulo owamanga iwo. Chakumapeto kwa 2008 John Michuki, yemwe ankagwirizira unduna wa zachuma, analamula kuti M-Pesa ifufuzidwe. Kafukufukuyo sanapeze chifukwa choitsekera. Taonani ndondomeko yake: anthu anayamba kugwiritsa ntchito, ochita malonda anaona phindu, ndipo alonda a malamulo anafika pambuyo. Kwathu kuno zinayendanso motero.

Omwe anakula zaka za m'ma 1980 akukumbukira mmene ndalama inkayendera kuchoka ku Blantyre kupita ku Mzimba kapena ku Nsanje. Unkaima pamzere ku positi ofesi, kapena unkadikira wakwanu wopita kumudzi n'kumupatsira envulopu, kalata mkati, ndalama pakati pa kalatayo. Ina inkafika, ina inkafika yoperewera, ina inkathera pa Balaka. Mafoni a m'manja anabwera ndi TNM, yomwe inakhazikitsidwa mu 1995, kenaka Celtel mu 1999, ndipo masiku oyambawo anali a mabwana okhaokha. Ena tonse tinkaimba pa matebulo a m'mbali mwa msewu, wogulitsa akuyang'ana wotchi. Mitengo itatsika n'kubwera timafoni totchipa tija anthu anatitcha Mose wa Lero, Amalawi anadzipezera njira yawo yotumizira ndalama kampani iliyonse isanaiganizire: kugula khadi la mayunitsi, kulipala, n'kutumiza manambala ake pa meseji. Wolandira ankagulitsa mayunitsiwo pamtengo wotsikirako n'kugula sopo ndi mchere.

Celtel inasanduka Zain mu 2008, ndipo mu 2010 kampani ya ku India ya Bharti Airtel inagula nthambi za Zain za mu Africa pamtengo wa madola 10.7 biliyoni. Mu 2012 Airtel Money inayamba m'Malawi ndi dzina loti Khusa M'manja, ndipo TNM inatsatira ndi Mpamba mu 2013. Lero ngakhale agogo osadziwa kuwerenga amadziwa kuti *211# ndi *444# ndi chiyani.

Ambiri timati ndalama ili m'foni, koma m'fonimo mulibe kanthu. Mumangokhala nambala. Ndalama yeniyeni imakhala mu akaunti yapadera kubanki, yomwe kampani ya mafoni siloledwa kuisakaniza ndi ndalama zake, ndipo banki yaikulu ya Reserve ndiyo imayang'anira kuti kwacha iliyonse yooneka pafoni ikhale ndi inzake kubankiko. Pakati pa banki ndi munthu pali ejenti, mnyamata kapena mtsikana wa m'kakiyosiki kofiira kapena kobiriwira, yemwe amayamba waika ndalama yake kuti agule fuloti, kutanthauza ndalama ya m'foni yogwirira ntchito yake. Mukaika ndalama, fuloti yake imachepa, ndalama ya pamanja n'kuchuluka, mukachotsa, zimatembenuka. N'chifukwa chake ejenti wa m'tauni, komwe anthu amatumiza kwambiri, amadandaula kuti fuloti yatha, pomwe wa pa tiledingi senta ya kumudzi, komwe anthu amalandira, amati ndalama ya pamanja yamuthera ndipo mubwere mawa. Ulendo wa ku boma kukasintha fuloti kukhala ndalama amalipira yekha, ndipo achifwamba akamuchingamira panjira, chotayika n'chake. Ntchito yomwe mabanki anaikana kwa zaka zambiri ponena kuti kumudzi kulibe phindu, akuigwira ndi achinyamata amenewa, pa kakomishoni.

Zabwino zake palibe angazikane. Mayunitsi a ESCOM timagula pakati pa usiku tili pabedi. Fizi imafika tsiku lomwelo. Wachibale wa ku Johannesburg akatumiza kudzera ku Mukuru, sitidikiranso dalaivala wa basi ya ku Joni. Mu 2021, mliri wa Covid-19 uli pakati, boma linapereka K35,000 pamwezi kwa mabanja osauka a m'mizinda kudzera pafoni. Ndipo chilankhulo chathu cha ndalama chinasintha: wopempha aliyense tsopano amamaliza ndi mawu oti muikeponso yochotsera.

Yochotserayo ndi yomwe ikutifikitsa ku misika ya ndalama, nkhani yomwe ambiri timaiona ngati ya anthu a mataye okha. Timakwacha todulidwa potumiza ndi pochotsa, tikaphatikizana kuchokera kwa anthu mamiliyoni, timasanduka chuma chomwe amalonda akuluakulu amachilimbirana. TNM inalowa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mu 2008, ndipo Mpamba ndi nthambi yake. Airtel Malawi inalowa mu February 2020, itagulitsa gawo la 20 peresenti pamtengo wa K12.69 sheya imodzi. Koma pali chinthu chomwe ogula masheya ambiri sanachilabadire: bizinesi ya Airtel Money si mbali ya kampani yomwe ili pa Malawi Stock Exchange ija. Ili pansi pa kampani ina ya gulu la Airtel Africa, lomwe masheya ake amagulitsidwa ku London kuyambira 2019. Mu 2021 thumba la ndalama la The Rise Fund linaika madola 200 miliyoni m'bizinesi ya Airtel Money ya mu Africa, Mastercard n'kuika madola 100 miliyoni, ndipo bizinesi yonseyo anaiwerengera mtengo wa madola 2.65 biliyoni. Mayi wogulitsa tomato ku Lizulu akamadulidwa yochotsera, sadziwa kuti kadontho kake kakuwerengedwa m'mabuku a ku London.

Misikayi imatipezanso m'njira ina. Ndalama ya m'foni ndi kwacha basi, ndipo ikagwa imagwera limodzi ndi ya m'thumba. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti. Yemwe anagona ndi K50,000 m'foni anadzuka nambala ili yomweyo, koma thumba la feteleza litamutalikira. Makampani nawonso zinawakhudza, pakuti zida za pa nsanja za netiweki amagula ndi madola. Airtel Malawi inatseka chaka cha 2023 italuza kaamba ka kugwa kwa kwachako. Zikatere, mitengo ya mayunitsi ndi mabando imakwera, ndipo wolipira ndi yemwe uja wa tomato.

Maboma nawo sanachedwe kuona kuti ndalama yodutsa pamalo amodzi njosavuta kuidula msonkho. Zimbabwe inaika msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zotumizidwa pamakina mu 2018. Kuno, mu bajeti ya 2019, nduna ya zachuma Joseph Mwanamvekha inabweretsa msonkho wa 1 peresenti pa ndalama za pafoni, koma anthu atadandaula kuti ukupweteka osauka n'kusiya a maakaunti a kubanki, boma linauchotsa. Ndalama yotereyi njosavutanso kuitseka. Mu February 2016, tsiku la chisankho, boma la Uganda linazimitsa ndalama za pafoni pamodzi ndi masamba a mchezo. Mu June 2020 boma la Zimbabwe linaimitsa ntchito zambiri za ndalama za pafoni komanso msika wa masheya wa ku Harare, ponena kuti ndi zomwe zikugwetsa ndalama ya dzikolo pamsika wamseri. M'dziko lomwe ndalama ya pamanja inali yosowa kale ndipo anthu ankagula ndiwo ndi EcoCash, chilengezo chimodzi chinasokoneza chakudya cha tsiku limenelo.

Apa m'pamene pagona kusiyana kwenikweni. Ndalama yomangidwa pa mfundo ya chitenje siidziwa mwini wake. Ikachoka m'manja mwanu, palibe buku lolemba kuti munapatsa yani, nthawi yanji, muli kuti. Ya pafoni imasiya phazi paliponse pomwe yaponda. Poyamba mapaziwo analibe dzina lodalirika, chifukwa simukhadi inkagulidwa pamsewu ngati mtedza. Izi zinayamba kusintha mu 2017 pomwe bungwe la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP, linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa unzika, kujambula nkhope ndi zidindo za zala. Chaka chotsatira MACRA inalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe, apo ayi idulidwe. Kuchokera pamenepo, chiphaso, nkhope, nambala ya foni ndi kayendedwe ka ndalama zinamangidwa pachingwe chimodzi. Wogwira chingwecho atha kudziwa tsiku lomwe mumalandira malipiro, tchalitchi chomwe mumaperekako chakhumi, chipatala chomwe munalipirako, kampani ya juga yomwe mumabetcherako, komanso nambala ija mumaitumizira ndalama mwezi ndi mwezi akunyumba osadziwa.

Mbiri imeneyi ili ndi mtengo wake pamsika. Ngongole za pafoni, monga M-Shwari yomwe inayamba ku Kenya mu 2012 kapena Kutchova ya kuno, sizifuna chikole kapena mboni. Kompyuta imayang'ana mmene mwakhala mukugwiritsira ntchito nambala yanu n'kugamula kuti mukongole zingati. Kwa munthu yemwe banki sinamuyang'anepo n'kamodzi komwe, umenewu ndi mwayi, ngakhale kuti chiwongoladzanja cha masabata awiri mukachiwerengera pachaka sichisiyana kwenikweni ndi cha katapila. Ku Kenya zinafika poipa. Makampani ena obwereketsa ndalama kudzera pa intaneti ankakopera manambala onse a m'foni ya wokongola, ndipo akachedwa kubweza ankaimbira apongozi, abwana ndi abusa ake kumuchititsa manyazi. Dzikolo linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu mu 2019, ndipo mu 2022 banki yake yaikulu inayamba kupereka ziphaso kwa obwereketsa oterewa.

Kwathu kuno chiopsezo chomwe munthu wamba amakumana nacho tsiku ndi tsiku si cha makompyuta apamwamba ayi. Ndi meseji ija yoti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ndi foni ya munthu wodzitcha wa kukampani, wokutchulani dzina lonse, wofuna nambala yanu yachinsinsi kuti akukonzereni akaunti. Apolisi akhala akunena kuti ambiri mwa akathyali amenewa amaimba ali m'ndende ya Zomba, pogwiritsa ntchito manambala olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena. Kulembetsa kuja tinauzidwa kuti kudzathetsa umbava wotere. Chomwe kunachita n'kupatsa chiphaso cha munthu wosauka mtengo, moti ena amabwereketsa chawo posinthana ndi kandalama kochepa. Ndipo dzina lanu wakubayo walitenga kuti? Njira n'zambiri. Kwa zaka zambiri ma ejenti ankalemba dzina, nambala ndi kuchuluka kwa ndalama m'buku lokhala poyera patebulo, aliyense wobwera pambuyo panu n'kumawerenga akusaina. Ngakhale kungoyamba kutumiza ndalama ku nambala yongopeka kumaonetsa dzina la mwini wake.

Malamulo, monga mwa nthawi zonse, anafika mochedwa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linali ndi ndime zingapo zokhudza zinsinsi, koma Amalawi ambiri analidziwa chifukwa cha anthu omangidwa kaamba ka zomwe analemba pa WhatsApp ndi Facebook. Lamulo lenileni loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu June 2024, patatha zaka 12 chiyambireni Khusa M'manja. Limapatsa munthu ufulu wofunsa kampani zomwe ikusunga zokhudza iye, kukonzetsa zolakwika, ndi kukana kuti mbiri yake igwiritsidwe ntchito pa zomwe sanavomereze.

Udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa unaperekedwa kwa MACRA, ndipo apa ine ndili ndi nkhawa. Ndi bungwe lomweli lomwe linagula makina a CIRMS, aja anthu anawatcha makina aukazitape, n'kulimbana m'makhoti zaka zingapo kuti aloledwe kugwira ntchito, ilo likunena kuti cholinga chake n'kuyeza ubwino wa netiweki ndi ndalama zomwe makampani amapeza, otsutsa akunena kuti adzasuzumira mafoni a anthu. Ndi lomwelinso lomwe linalamula kulembetsa manambala, ndipo akuluakulu ake amasankhidwa ndi boma. Kenya inakhazikitsa ofesi yapadera ya kamishona woteteza zinsinsi, yosiyana ndi bungwe loyang'anira mafoni, ndipo ofesiyo yalipitsapo kale chindapusa makampani obwereketsa ndalama omwe ankazunza anthu ndi manambala a abale awo. Kuno, munthu wodandaula kuti mbiri yake yagwiritsidwa ntchito molakwika ndi nthambi ya boma ayenera kukadandaula ku bungwe lina la boma lomwelo.