Mbiri ya Udotolo wa Ziweto Zikuluzikulu

Udotolo wa ziweto unayamba chifukwa cha akavalo ndi ng'ombe. Ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700, kavalo ndiye anali mayendedwe ndi mphamvu ya asilikali, pomwe ng'ombe zinkatha ndi mliri wa rinderpest. Mu 1761 boma la France linalola Claude Bourgelat, katswiri wa akavalo, kukhazikitsa sukulu yoyamba ya ntchitoyi mumzinda wa Lyon. Ya ku London inatsegulidwa mu 1791. Izi zisanachitike, chiweto chikadwala chinkasamalidwa ndi abusa komanso amisiri osula nsapato za akavalo.

Mu Africa, alimi anali ndi mankhwala awo azitsamba kuyambira kalekale, koma madotolo ambiri ophunzira kusukulu anabwera motsatira mliri womwewo wa rinderpest. Rinderpest inalowera ku Eritrea cha mu 1887 ndi ng'ombe za asilikali a ku Italy, ndipo pofika 1896 inali itaoloka Zambezi. M'madera ambiri, pa ng'ombe 10 zilizonse panatsala imodzi yokha. Njati ndi nyama zina zakutchire nazo zinafa, ngolo zinaima, njala inabuka.

Posakhalitsa kunabweranso chigodola, matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa. Ng'ombe yogwidwa nawo imatupa mwanabele kunsi kwa khutu, imatentha thupi, kenako imapuma movutika mpaka kufa thovu lili m'mphuno. Arnold Theiler, dotolo wa ku Switzerland, anatsogolera kafukufuku wa matendawa ku South Africa, ndipo kachilombo koyambitsa matendawa kamatchedwa Theileria parva pomulemekeza. Iye anayambitsa malo ofufuzira a Onderstepoort mu 1908, omwe mu 1920 anayamba kuphunzitsa madotolo.

Njira yogonjetsera nkhupakupa inali dibi: ngalande yakuya ya simenti yodzadza madzi a mankhwala, momwe ng'ombe zimalumphiramo imodziimodzi n'kusambira mpaka kutsidya. Ku Malawi ndi ku Zambia, dibi ndiye anali malo okumanirako mlimi ndi a vetenale. Kumeneko ankawerenga ng'ombe, kubaya katemera ndi kupereka zilolezo zosamutsira ziweto. Madotolo enieni anali ochepa, kotero ntchito yambiri inali m'manja mwa alangizi a ziweto.

Rinderpest inagonja ndi katemera amene Walter Plowright anapanga ku Muguga, m'dziko la Kenya, cha m'ma 1960. Mu 2011 kunalengezedwa kuti matendawa atheratu padziko lonse, kukhala achiwiri kutheratu pambuyo pa nthomba. Chigodola chikadalipo, ndipo katemera wake amapangidwa ku Lilongwe.

Sukulu za ntchitoyi zinachedwa kufika ku Zambia ndi ku Malawi. University of Zambia inatsegula yake mu 1983, yomwe inatchedwa dzina la Samora Machel. Kwa zaka zambiri Amalawi ankaphunzira udotolowu kunja, kufikira pamene LUANAR inayambitsa maphunzirowa ku Bunda.

Wophunzira wa lero amafunika kukhoza bwino masamu ndi sayansi, kenako amatha zaka 5 kapena 6 akuphunzira za thupi la nyama, matenda, mankhwala ndi opaleshoni. Akamaliza amagwira ntchito m'boma, m'mafamu a mkaka, m'malo ophera nyama, m'malire a mayiko kapena m'kafukufuku. Ntchito yake ndi monga kupima bere la ng'ombe polowetsa dzanja, kubereketsa, kufula ndi kuyeza nyama isanagulitsidwe, pofuna kuteteza anthu ku matenda monga chifuwa chachikulu cha ng'ombe.