Bungwe la Teosofia: kumene linacokera ndi zimene linkafuna

Dzina lakuti Teosofia ndinakumana nalo mwangozi. Ndinkakonza pulogalamu ya pa wailesi yathu yokamba za Fernando Pessoa, mlakatuli wa Cipwitikizi uja anatitulutsa thukuta kusukulu, ndipo ndinapeza kuti mu 1915 iye ankamasulira mabuku a bungwe limeneli kucokera m'Cingerezi, cilankhulo cimene anakulira naco ku Durban. Mawuwo ndi a Cigiriki, kutanthauza nzeru za umulungu. Ndinafuna kudziwa eni ake.

Bungweli linakhazikitsidwa mumzinda wa New York pa 17 Novembala 1875. Otsogolera anali atatu: Helena Blavatsky, mayi wa Cirasha wobadwa mu 1831, yemwe ankati anaphunzitsidwa ndi akatswiri obisika a ku Tibet, Henry Olcott, loya amene anagwirapo nchito ya usilikali pa nkhondo yapaciweniweni ya ku America, ndi William Judge, loya wacinyamata wobadwira ku Ireland. Blavatsky ndi Olcott anadziwana mu 1874 pa famu ina ku Chittenden, m'cigawo ca Vermont, kumene anthu ankakhamukira kukaona abale awiri amene ankati amaitana mizimu ya akufa. Olcott anapitako ngati mtolankhani.

Ubale wa anthu onse, umene bungweli limadziwika nawo lero, sunali colinga cake coyamba. Poyambapo ankafuna kusonkhanitsa ndi kufalitsa cidziwitso ca malamulo obisika amene amayendetsa cilengedwe. Anali anthu osakhutira ndi chalichi, osakhutiranso ndi sayansi yonena kuti munthu ndi mnofu basi. Koma ku New York zinthu sizinayende, mamembala anatha pang'onopang'ono, ndipo mu Disembala 1878 Blavatsky ndi Olcott anakwera sitima ya pamadzi ulendo wa ku India. Anafika ku Bombay mu Febuluwale 1879, ndipo mu 1882 anakhazikitsa likulu lawo ku Adyar, m'mphepete mwa mzinda wa Madras.

Kumeneko ndi kumene bungweli linapeza nchito yake yeniyeni. Mu Meyi 1880 awiriwa anatsikira ku Galle, pa cilumba ca Ceylon cimene lero ndi Sri Lanka, nagwada pamaso pa wansembe wa Cibuda, nalonjeza kusunga malamulo asanu a cipembedzoco, anthu akuona. Nthawi imeneyo sukulu zambiri pa cilumbaco zinali m'manja mwa amishoni. Ife amene agogo athu ankatsekeredwa kunja kwa chalichi cifukwa ca Nyau tikhoza kumva kulemera kwa tsiku limenelo: azungu awiri kugwadira cimene azungu anzawo ankacinyoza kuti ndi cikunja. Olcott sanalekere pomwepo. Mu 1881 analemba katekisimu wa Cibuda, wa mafunso ndi mayankho monga wa amishoni omwewo, ndipo anayendayenda kusonkhetsa ndalama za sukulu. Imodzi mwa izo, Ananda College ya ku Colombo, inayamba mu 1886 ndipo ikadalipo.

Zolinga zitatu za bungweli zinaumbika m'zaka zimenezi. Coyamba, kukhala phata la ubale wa anthu onse, osasankha mtundu, cipembedzo, khungu, gulu lobadwira, kapena kuti uyu ndi mwamuna uyu ndi mkazi. Caciwiri, kulimbikitsa kuphunzira zipembedzo, nzeru za akale ndi sayansi poziyerekeza. Cacitatu, kufufuza malamulo a cilengedwe amene sanafotokozedwe ndi mphamvu zogona mwa munthu. Wolowa sankauzidwa kusiya cipembedzo cake. M'dziko lolamulidwa ndi atsamunda, malo amene Mmwenye ndi Mngerezi akanakhala pa benchi limodzi n'kumawerenga buku la Mmwenyeyo anali osowa. Mohandas Gandhi anasimba yekha kuti ali wophunzira ku London, a Teosofia awiri anamupempha kuti awerenge nawo Bhagavad Gita, ndipo anacita manyazi cifukwa buku la makolo ake lomwe anali asanaliwerenge. Annie Besant, amene anakhala mtsogoleri wa bungweli Olcott atamwalira mu 1907, anasankhidwanso kutsogolera Indian National Congress mu 1917.

Zonyansa zinalipo. Blavatsky ankalandira makalata amene ankati amacokera kwa akatswiri obisika aja mozizwitsa. Mu 1884 banja lina logwira nchito ku Adyar linaulula kuti zonsezo zinali zokonza, ndipo mu 1885 Richard Hodgson, wotumidwa ndi bungwe la Society for Psychical Research la ku London, analemba kuti mayiyo anali wacinyengo. Caka comweco Blavatsky anacoka ku India osabwererakonso. Mu 1986 magazini ya bungwe lomwelo inasindikiza nkhani yotsutsa kafufuzidwe ka Hodgson, ndipo mkanganowo sunathe.

Ine makalatawo sandivuta kwenikweni. Cimene cimandikhala pakhosi ndi buku lake lalikulu la mu 1888, The Secret Doctrine. Mmenemo amagawa mbiri ya anthu m'mitundu ikuluikulu isanu ndi iwiri yotsatizana, ndipo anthu ena amoyo, monga a San a kum'mwera kwa Africa kuno, Avedda a ku Ceylon komweko ndi mitundu ina ya mu Africa, amawaika pansi monga otsalira amene alibe kuwala kwa nzeru kumene ena ali nako. Dzanja limene linasainira ubale wosayang'ana khungu ndi lomwelo linalemba zimenezi. Nzeru za ku India anazilemekeza cifukwa zinali m'mabuku akale. Zathu, zosungidwa m'kamwa ndi m'ng'oma, sanaziwerengere.

Cimene cinagwedeza bungweli koposa cinacokera m'nyumba momwe. Mu 1909 Charles Leadbeater anaona mnyamata wina, Jiddu Krishnamurti, pa gombe la ku Adyar, nanena kuti ameneyu adzakhala mphunzitsi wa dziko lonse. Besant anamulera, namukhazikitsira gulu lakelake. Mu Ogasiti 1929, ku Ommen m'dziko la Holland, Krishnamurti anaimirira pamaso pa omutsatira nathetsa gululo, nawauza kuti coonadi sicifikiridwa kudzera m'bungwe lililonse. Mamembala ambiri anacoka m'zaka zotsatira. Likulu likadali ku Adyar, pamodzi ndi nyumba ya mabuku imene Olcott anatsegula mu 1886, yosunga zolembedwa zakale za pa masamba a kanjedza.