Dzanzi la m'mapazi: mbiri ya zovuta zobwera ndi mankhwala pakati pa okalamba ku Mwanza

Boma la Malawi litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, pafupifupi wodwala aliyense ankalandira Triomune, piritsi lophatikiza stavudine, lamivudine ndi nevirapine. Linali lotchipa, ndipo linadzutsa anthu amene abale anali atawatayira kale mtima. Koma stavudine ankawononga mitsempha. Odwala ankabwera akudandaula kuti mapazi achita dzanzi kapena akutentha ngati aponda moto, ena masaya kulowa m'kati. Kafukufuku amene Joep van Oosterhout ndi anzake anachita pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2005, anapeza kuti oposa theka la odwala amene anawafunsa anali ndi vuto la mitsemphali.

Vutoli linkakula ndi msinkhu, komanso mwa omwe ankamwanso isoniazid wa TB. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwa okalamba ndi momwe linkabisala kwambiri. Gogo akati miyendo ikuwawa, achibale ngakhalenso achipatala ena ankangoti ndi nyamakazi kapena ukalamba, n'kumupatsa Brufen. M'boma ngati la Mwanza, kumene wodwala wa ku Thambani kapena Kunenekude amayenda mtunda wautali kuti afike pa chipatala chachikulu cha m'bomalo, kulephera kuyenda kumatanthauza kusiya kulima, kulipira kabaza, mwinanso kudumphitsa tsiku lolandira mankhwala. Ndalama zoterezi sizilowa m'kaundula wa chipatala chilichonse.

Bungwe la WHO linalangiza mayiko mu 2010 kuti asiye stavudine. Malawi anayamba ndi amayi oyembekezera mu 2011, kenaka mu 2013 akuluakulu ambiri anasamutsidwira ku 5A, ya tenofovir, lamivudine ndi efavirenz. Mu 2019 dolutegravir analowa m'malo mwa efavirenz. Kusintha kulikonse kunachepetsa vuto lakale n'kubwera ndi lake: efavirenz ankachititsa chizungulire ndi maloto oopsa, tenofovir amatha kuwononga impso, ndipo dolutegravir amachulukitsa metformin m'magazi a wodwala shuga.

Apa mpamene nkhani ya okalamba yafika lero. Munthu amene anayamba Triomune mu 2004 ali ndi zaka 40 tsopano wadutsa 60. Impso zake sizisefanso mankhwala msanga. Mwina akumwa hydrochlorothiazide wa BP ndi metformin, ndipo msana ukamuvuta amagula Indocid kapena diclofenac pa grosale. Mankhwala opha ululuwa akakumana ndi tenofovir komanso mankhwala okodzetsa, impso zimavulala mwakachetechete. Poti Mwanza ili pa malire ndi Zobue, mankhwala ogula pa msika salembedwa n'komwe m'kabuku ka kuchipatala, monganso a zitsamba.

Kukula kwa vutoli kunayezedwa bwino ku England. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2004, Munir Pirmohamed ndi anzake anaunika odwala 18,820 ogonekedwa m'zipatala ziwiri, ndipo anapeza kuti 6.5 peresenti anagonekedwa chifukwa cha mankhwala. Theka la iwo linali la zaka zoposa 76, ndipo anawerengetsa kuti dzikolo limataya mapaundi 466 miliyoni pachaka. Ambiri mwa mavutowo anali opeweka. Chofunika kuchigwira n'chakuti mankhwala olakwa sanali achilendo ayi: anali aspirin, warfarin, okodzetsa ndi opha ululu, ambiri mwa iwo opezeka m'mafamase athu.

Dziko lapansi linayamba kulondoloza zoterezi pambuyo pa ngozi ya thalidomide ya mu 1961, ndipo WHO inakhazikitsa ndondomeko yake mu 1968. Kuno kwathu udindowu uli m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, yomwe inabwera ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Koma bungweli limadalira kwambiri zimene ogwira ntchito m'zipatala alemba pa fomu n'kutumiza.

Ku Neno, boma lomwe kale linali mbali ya Mwanza, Unduna wa Zaumoyo ndi Partners In Health anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda a mgonagona mu 2015, kotero kuti munthu mmodzi amaona mankhwala onse a wodwala tsiku limodzi. Kumene makiliniki akadali osiyana, ntchitoyi imagwera mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka wa m'mudzi, amene angapemphe gogo kutulutsa mapaketi onse ali m'nyumba, ogula okha omwe, n'kufunsa kuti chizungulire kapena kutupa kwa mapazi kunayamba liti.