Kuyeza majini a chitetezo cha m'thupi: kumene kwachokera ndi kumene kukulephera pa anthu athu

Matenda ena sabwera ndi udzudzu kapena madzi akuda. Amayamba asilikali a m'thupi akatembenukira mwini thupi yemwe, monga zimachitikira pa shuga ya ana yofuna insulini, nyamakazi yotupitsa mfundo ndi lupus. Cha m'ma 1900 Paul Ehrlich wa ku Germany ankaphunzitsa kuti thupi lili ndi njira yodziletsa kuti lisadziwononge, ndipo ambiri anamumva ngati wanena kuti zoterezi sizingachitike n'komwe. Panapita zaka pafupifupi 50 kuti madokotala avomereze kuti zimachitika. Atavomereza, panabuka funso lomwe lidakalipo: kodi magazi a munthu angatiuze msanga kuti iyeyu ndiye adzadwala?

Yankho linayamba kuoneka mu 1958, pamene Jean Dausset wa ku Paris anapeza chizindikiro choyamba cha gulu lomwe tsopano limatchedwa HLA. Ntchito ya HLA ndi kunyamula tizidutswa ta zomwe zili mu selo n'kuzionetsa kwa maselo a T, omwe ndi ena mwa asilikali a m'thupi aja, ngati mlendo woonetsa chiphaso kwa mlonda pageti la nyumba ya ku Area 10 ku Lilongwe. Mlonda akasokonezeka, amamenya mwini nyumba. Mu 1973 magulu awiri a ofufuza, lina ku London lina ku Los Angeles, anapeza kuti azungu pafupifupi 9 mwa 10 odwala nthenda youmitsa msana ya ankylosing spondylitis ali ndi mtundu wa HLA-B27. Mu 1987 zinadziwikanso kuti kusiyana kwa malo amodzi okha pa HLA-DQ kumakweza kapena kutsitsa chiopsezo cha shuga ya ana. Komabe chisangalalo chinayenera kuchepa msanga. Azungu pafupifupi 8 mwa 100 ali ndi B27, ndipo ochuluka zedi mwa iwo amakalamba msana uli bwinobwino. Jini imanena za chiopsezo, siigamula mlandu. Penapake imathandiza kwambiri ikasowa: munthu wopanda DQ2 kapena DQ8 n'kovuta kuti vuto lake la m'mimba likhale nthenda yodana ndi tirigu ya celiac.

Mbali yachiwiri ya mbiriyi ndi yodabwitsa kuposa yoyamba. Mu 1976 Susumu Tonegawa anaonetsa kuti maselo a B, gulu lina la asilikali a m'thupi, amadula majini a zogwirira zawo, zomwe amagwirira nazo adani, n'kuwalumikiza mwatsopano, n'chifukwa chake thupi limatha kuzindikira adani mamiliyoni omwe makolo athu sanakumane nawo. Majini a zogwirira za maselo a T anapezeka mu 1984. Zogwirira izi sitibadwa nazo zokonzeratu ngati HLA. Zimapangika moyo ukupita, ndipo zimasunga mbiri ya nkhondo iliyonse yomwe thupi lamenya. Makina owerenga DNA atatsika mtengo, zinatheka kuwerenga mamiliyoni a zogwirirazi mu kabotolo kamodzi ka magazi. Mu 2025 ofufuza a ku Stanford analengeza kuti kompyuta yophunzitsidwa kuziwerenga inatha kusiyanitsa odwala lupus, shuga ya ana, HIV ndi Covid-19 pakati pa anthu pafupifupi 600. Kulosera nakonso kwayamba kukhala ndi phindu, poti mu 2022 dziko la America linavomereza teplizumab, mankhwala ochedwetsa shuga ya ana mwa omwe magazi awo akuonetsa kale kuti ikubwera.

Vuto n'lakuti zida zonsezi zinaphunzira pa magazi a anthu ena, ndipo zikafika kuno zimapunthwa. M'zaka za m'ma 1990 madokotala a ku University Teaching Hospital ku Lusaka, mmodzi wa iwo Panganani Njobvu, anaona nyamakazi ya msana ndi mfundo ikuchuluka pakati pa odwala HIV, koma B27, yomwe mabuku a ku Ulaya amati ndiyo chizindikiro chake, sinkapezeka. Ku Gambia kunali mosemphana: anthu ena a mtundu wa Fula ali ndi B27, koma nthenda youmitsa msana n'njosowa pakati pawo. Kafukufuku wa mu 2025 wa ku Cameroon, Uganda ndi South Africa anapeza kuti achinyamata pafupifupi awiri mwa atatu omwe anauzidwa kuti ali ndi shuga ya mtundu woyamba, yomwe ndi shuga ya ana ija, analibe zizindikiro zosonyeza kuti chitetezo chawo ndicho chaononga kapamba. Choncho munthu wa ku Area 10 kapena Area 43 amene angakwanitse kutumiza magazi ku Johannesburg kapena ku India adzalandira pepala losindikizidwa bwino, koma muyeso womwe amuyezera si wa anthu akwathu. Ndalama sizithetsa vuto limeneli.

Wina anganene kuti dziko lomwe likulimbana ndi malungo, TB ndi kusowa kwa mankhwala wamba silingataye nthawi pa majini, ndipo pa nkhani yogula makina owerenga DNA lero akunena zoona. Koma akulakwitsa akamaganiza kuti matendawa ndi a kunja. Nthenda ya mtima yobwera pambuyo pa zilonda zapakhosi ndi chitetezo chomwe chathamangitsa bakiteriya n'kukagwera pa mavavu a mtima, ndipo kafukufuku wounika mitima ya ana ku Lilongwe, wofalitsidwa mu 2016, anapeza zizindikiro zake mwa ana oposa 3 mwa 100. Mu 2017 ofufuza anapeza jini ya zogwirira za maselo a B yokweza chiopsezo cha nthendayi, koma anaipeza ku Fiji ndi zilumba zoyandikana nazo. Sitingangoganiza kuti ana a ku Kawale ali chimodzimodzi. Mwana womva kuwawa pakhosi akufunika penisilini lero, osati kuyezedwa majini. Koma odwala omwe amabwera mwezi ndi mwezi ku Kamuzu Central Hospital ndiwo angatiphunzitse chibadwa chathu, ngati boma ndi Kamuzu University of Health Sciences atakonza zosunga magazi ndi mbiri zawo, eni ake atavomereza, n'kuonetsetsa kuti zotsatira zake zikuwerengedwa ndi asayansi a kuno.