Ciponde Cimene Cinalanda Mfuti: Mbiri ya COMACO m'Cigwa ca Luangwa

Ambiri a ife acinyamata a ku Petauke ndi ku Nyimba tikafuna kuyamba bizinesi timayang'ana zimene mnzathu akugulitsa, ifenso nkuyamba zomwezo. Ndico cifukwa cake pa mseu wa Great East mumaona anthu ambiri atanyamula nthoci zofanana, za mtengo umodzi, onse akuthamangira basi imodzi. Wogula alibe cifukwa cosankhira uyu kusiya uyo. Mbiri ya kampani ya COMACO, imene inabadwira kuno kum'mawa, ikutionetsa njira ina. Tiyeni tiitsate kucokera pa ciyambi.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 m'cigwa ca Luangwa munali njobvu zoposa 80,000 ndiponso zipembere zikwi zingapo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zambiri mwa njobvuzo zinali zitaphedwa cifukwa ca minyanga. Zipembere zakuda zinatheratu, kotero kuti m'caka ca 1998 zinalengezedwa kuti m'Zambia mulibenso, mpaka pamene zina zinabweretsedwa ku North Luangwa kucokera ku South Africa mu 2003. Boma linayesa kumanga opha nyama. Linayesanso dongosolo la ADMADE, logawana ndi midzi ndalama zocokera kwa alendo osaka nyama mwalamulo. Zinathandizako, koma misampha ya waya sinacoke m'thengo.

Cifukwa cake cinali kumunda. Bungwe la NAMBOARD, limene linkagula cimanga ca alimi, linathetsedwa mu 1989, ndipo boma latsopano la 1991 linasiya malonda a mbeu m'manja mwa amalonda wamba. Mlimi wa kumidzi yakutali ndi mseu anasowa msika. Amene anafikako ndi galimoto ankagula pa mtengo umene iwo afuna. Kenaka cilala ca 1992 cinakantha dziko, ndipo njala inabweranso m'zaka za 2001 ndi 2002. Bambo amene nkhokwe yake yauma mu Novembala ankachera msampha, nyamayo nkusinthanitsa ndi cimanga. Ena ankadula mitengo kuti aoche makala.

A Dale Lewis, wasayansi wa ku America amene anabwera ku Luangwa kudzaphunzira za njobvu, anaona zimenezi kwa zaka zambiri akugwira nchito ndi bungwe la Wildlife Conservation Society. Iwo ndi anzao a m'Zambia anazindikira kuti bvuto la nyama silingathe ngati bvuto la njala silinathe. Poyamba anagwiritsa nchito cimanga ca thandizo ca World Food Programme: banja lolandira cimanga linkapereka misampha yake ndi kuphunzira malimidwe abwino. Koma cimanga ca thandizo cimatha. Panafunika cinthu cokhalitsa, ndipo cinthuco cinali msika. Motero mu 2003 kunabadwa COMACO, dzina lotanthauza misika ya anthu a m'midzi yothandiza kusamala cilengedwe.

Pangano lake linali losabvuta kumva. Alimi ankalowa m'magulu ang'onoang'ono okhala ndi mlimi wotsogolera. Ankalonjeza kusiya kupha nyama, kusatentha mapesi, kulima mosagaula munda wonse, ndi kusinthanitsa cimanga ndi mbeu za m'gulu la nyemba monga nshawa ndi soya. Pambuyo pake anaonjezapo kubzala mitengo ya Gliricidia m'minda, imene masamba ake amabwezera conde m'nthaka ndi kucepetsa ndalama za feteleza. Alenje odziwika ankapereka mfuti zao, nkuphunzitsidwa ukalipentala, ulimi wa njuci kapena wa kudimba. Kampani nayo inalonjeza kugula zokolola zao pa mtengo wabwino. Malo oyamba ogulira ndi kukonzera mbeu anali ku Lundazi, kenaka ena anatsegulidwa ku Mfuwe ndi ku Nyimba, ndipo fakitale yaikulu inadzakhala ku Chipata.

Funso lalikulu linali ili: ndalama zolipira mlimi mtengo wabwino zicokera kuti? Nshawa zosenda ndi zofanana kulikonse, ndipo wozigulitsa zosakonza phindu lake ndi locepa. Conco COMACO inayamba kupera nshawa kukhala ciponde, kupuntha mpunga wa ku Chama, kusefa uci, ndi kupanga ufa wa phala wa soya wochedwa Yummy Soy. Zonsezi zinalowa m'masitolo akuluakulu a ku Lusaka ndi mizinda ina pansi pa dzina limodzi, It's Wild! M'sitolomo munali kale ciponde ca makampani ena akuluakulu. Cimene iwo sakanatha kunena ndi cimene It's Wild! inkanena: ukagula botolo ili, walipira mlimi amene anataya msampha. Colinga ca kampani cinasanduka cifukwa cimene wogula ankasankhira katundu wake. Ngakhale waya wa misampha yoperekedwayo anaupangira mikanda ndi zibangili zogulitsa.

Koma tisanamizane, abale ndi alongo, kuti nkhani yabwino payokha imagulitsa katundu. Mai wogula ciponde akapeza kuti ncowawa kapena ncocuku sabweranso, ngakhale akonde njobvu cotani. Nshawa zosauma bwino zimagwidwa ndi nkhungu yokhala ndi poizoni wochedwa aflatoxin, ndipo kampani inayenera kuphunzira kusankha ndi kuyeza mbeu zake. Akatswiri a zakudya a kampani ya General Mills ya ku America anaithandiza kukonza kapangidwe ka katundu. Komanso kutumiza malole ku midzi ya miseu yoipa ndi kulipira alangizi kumadya ndalama zambiri, kotero kwa zaka zambiri COMACO inadalira thandizo la maiko ena, monga Norway. Akulu anati walira mvula walira matope: wosankha kugula kwa mlimi wosauka wakutali wasankhanso mtengo wake.

Zotsatira zake zinayamba kuoneka. Mu 2011 magazini ya sayansi ya PNAS inafalitsa kafukufuku wa nchitoyi. Misampha zikwizikwi ndi mfuti zambiri zinaperekedwa mwaufulu. Mu 2017 madera a mafumu 9, kuphatikizapo a Luembe ndi a Nyamphande a kuno kwathu, analandira ndalama kudzera ku World Bank cifukwa cosunga nkhalango zao. Pofika zaka za m'ma 2020, alimi ogwirizana ndi COMACO anali ataposa 200,000.

Tsono ife tiphunzirapo ciani? Coyamba, COMACO inayamba ndi bvuto lenileni la anthu, katundu anabwera pambuyo. Caciwiri, colinga cake cinalowa m'kagwiridwe ka nchito: m'mtengo wogulira, m'pangano ndi mlimi, ndi m'dzina la pa botolo. Cacitatu, lonjezo lake linali loti munthu angathe kuliona ndi maso, pakuti mfuti ndi misampha zimawerengeka.

Iwe mnyamata kapena mtsikana amene uli ndi nkhuku makumi awiri, makina osokera kapena munda wa nthoci, dzifunse mafunso awiri usanakongole ndalama. Kodi bizinesi yanga ikuthetsa bvuto la yani m'mudzi muno? Nanga nciani cimene ndinganene moona za katundu wanga, cimene woyandikana nane sanganene? Mwina ndi sikelo yosabera, mwina nshawa zosankhidwa bwino, mwina nthoci zoumitsa pamene ena onse akugulitsa zaziwisi. Ukacipeza, ucisunge tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene kucisunga kukudyera phindu. Wogula akakupeza wabodza kamodzi, dzina limene unamanga zaka zisanu limagwa tsiku limodzi.