Msewu wa Lichinga mpaka Metangula uli ndi mbiri

Pa tchuthi cha 25 Juni, kukuzizira, ndinakwera chapa ku Lichinga, kudutsa kwathu kuno ku Maniamba, mpaka kutsetserekera kunyanja ku Metangula. Kale Lichinga ankati Vila Cabral, Metangula ankati Augusto Cardoso, ndipo Apwitikizi ankasungako maboti awo ankhondo.

Pankhondo ya ufulu, 1964 mpaka 1974, ankhondo a Frelimo ankakwirira mabomba mumsewu womwewu. Magalimoto a Apwitikizi ankachita kukwawa ngati nkhono, asilikali ali patsogolo wapansi, akubaya dothi ndi zitsulo kufufuza mabombawo.

Agogo athu amene anaziona ndi maso akutha mmodzimmodzi. Tiyeni a kalabu tiwayendere, tijambule mawu awo akadali moyo, ana adzamve pa wailesi.